Mafuta a pawa sitiyaring'i akutha sabata ndi sabata, kodi ndigule raki ina?

Funso ili lachokera kwa achimwene ena a ku Bembeke. Akuti ali ndi Corolla yakale ija ya AE110, imene amanyamulira mbatatesi ndi kabichi kupita nazo pa Dedza boma, nthawi zina mpaka kutsika nayo ku Golomoti. Mafuta a pawa sitiyaring'i akungotha, kabotolo kamodzi sikakutha sabata ziwiri, m'mamawa akaliza injini nkuyamba kukhota galimoto ikulira nyiiii, ndipo pamene yagona pakumapezeka madontho ofiirira. Makaniko wina anangosuzumira pansi nkunena kuti raki, chitsulo chopingasa chija chimakankha matayala akutsogolo mukakhotetsa chiwongolero, yatha gulani ina, pomwe mnzawo wina akuti thiranimo mafuta a mabuleki pang'ono kuti ma seal, timalabala totchinga mafuta kuti asatuluke, afufume atseke. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, pakadali pano musamvere aliyense mwa awiriwo. Wa mafuta a mabulekiyo musadzamumvere mpaka kalekale, tibwerera kwa iye. Makanikoyo mwina akunena zoona, raki imathadi, koma ngati anangowerama nkuona kuti pansi panyowa basi nkugamula mlandu, ndiye kuti sanaone chilichonse. Mafuta amatsika, sakwera. Raki imakhala pansi pa zinthu zonse, chilichonse chodontha kumwamba chimakathera pa iyo, ndiye imakhala ngati mwana amene wapezeka atagwira mphika woswedwa ndi wina.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi Nissan Tiida, Honda Fit kapena Vitz ya 2005 kubwera kuno, zimenezi sizikukukhudzani, pawa yanu ndi yamagetsi, ilibe mafuta olo dontho. Sitiyaring'i ikalimba kumeneko muyang'ane batire, olitaneta, fyuzi ndi mota yake. Ndanena izi chifukwa ndinaonapo munthu akusakasaka kathanki ka pawa mu Tiida, atasowa nkufuna kuthira ATF, mafuta ofiira a giyabokosi ya otomatiki, mu kathanki ka mabuleki, mwayi ndinali pafupi.

Tsono kuti mumvetse pamene mukusaka, mafutawa amayenda chonchi. Pali kathanki kaja mumathiramo. Kuchoka apo paipi yonenepa ya labala imatsitsa mafuta kupita ku pampu, pampuyo imazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini. Pampu imakankha mafuta mwamphamvu kudzera mu paipi ya puresha kupita ku raki, kumene amakuthandizani kukankha matayala kumanja kapena kumanzere, akatero amabwerera ku kathanki kudzera mu paipi ina yopanda puresha. Ndi mafuta omwewo kumangozungulira, onse pamodzi pafupifupi lita imodzi basi, ndipo sawotchedwa mu injini ngati petulo, sauma ngati madzi. Akachepa ndiye kuti atulukira penapake, palibenso nkhani ina. Puresha yake si yamasewera, mukakhotetsa mpaka kumapeto imapitirira ma bar 60, magalimoto ena mpaka 100, pomwe tayala lanu mumapopa ma bar 2 okha. Nchifukwa chake kabowo kosaoneka ndi maso kamatha kukumalizirani botolo.

Choyamba tsimikizani kuti chikudonthacho ndi mafuta a pawa. Yalani katoni yoyera pansi pa injini usiku, m'mawa muone mtundu wa dontho ndi pamene lagwera. Oyilo wa injini amakhala wakuda. Madzi a mu rediyeta olo atakhala apinki amakhala opyapyala ngati madzi, saterera kwambiri pa zala. Chosokoneza ndi chakuti ngati Corolla yanu ndi otomatiki, giyabokosi nayo imagwiritsa mafuta ofiira omwewa, ndiye dontho lofiira lingathe kuchokera ku mapaipi a giyabokosi amene amapita ku rediyeta. Koma poti inu mukuona kathanki ka pawa kakutsika, tikudziwa kale kumene tikupita. Pa galimoto yanuyo malamba ndi pampu zili mbali ya kumanja, mbali ya dalaivala, ndiye madontho ambiri muwayembekezere kumeneko.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amachita ulesi, tsukani. Galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi ya ku Bembeke ikadontha mafuta mwezi umodzi, pansi ponse pamakhala phala lakuda lomata, simungaone kanthu. Injini itazizira, tengani palafini pang'ono ndi bulashi yakale, kwechani pampu, mapaipi onse, raki yonse mpaka mabuti ake a labala a kumapeto, kenako sopo wa ufa ndi madzi, koma olitaneta ndi mawaya muzikute ndi jumbo kaye. Siyani ziume bwinobwino padzuwa. Ena amawaza paudala wa ana kapena ufa woyera pamwamba pa mapaipi kuti dontho likangotuluka lionekere, zimathandiza ndithu. Thirani mafuta mpaka pa mzere wolembedwa COLD, lizani injini, wina akhale mkati azikhotetsa pang'onopang'ono uku ndi uku, inu muli ndi tochi mukuyang'ana. Akafika kumapeto asagwirire pomwepo nthawi yaitali, masekondi 5 akwana, kupitirira apo mafuta amatentha ndipo pampu imavutika. Chimene mukusaka ndi malo apamwamba kwambiri amene ayambe kunyowa. Osati pamene pakugwera dontho, koma pamene layambira.

Chenjezo limodzi lokha apa. Musamasisite paipi ya puresha ndi dzanja injini ikulira kuti mumve pamene pakutuluka. Mafuta otuluka pa kabowo kakang'ono pa puresha imeneyo amaboola khungu nkulowa mkati, bala lake limaoneka ngati kaminga koma ndi lofunika chipatala msanga. Gwiritsani kachidutswa ka katoni. Ndipo malaya a manja aatali kutali ndi lamba.

Tiyambe ndi zotchipa. Paipi yonenepa ija yochokera ku kathanki kupita ku pampu, pa galimoto ya zaka zoposa 20 ngati yanu, imakhala itauma gwa ngati nsungwi. Kilampu yake imaoneka ngati yagwira koma labala anasiya kalekale kukumbatira chitsulo. Ineyo nkhani yanu yoti ikulira m'mamawa ikundikokera kumeneku. Ku Dedza kuzizira kwake mukukudziwa nokha, mwezi wa June ndi July labala wokalamba amafota nkulimba, mafuta nawo amakhala olemera, ndiye pampu ikamakoka imakokera ndi mpweya womwe pa mpata umenewo. Injini ikatentha labala amafewa, kulira kumachepa, munthu nkumati yachira yokha. Njira yodziwira ndi yosavuta, ikamalira tsegulani chitsekero cha kathanki muyang'ane mkati. Mukaona thovu, mafuta ataoneka ngati sopo kapena ngati thobwa lofiirira, ndiye kuti mukulowa mpweya, kaya chifukwa mafuta achepa kwambiri kaya chifukwa cha paipi imeneyi. Mankhwala ake ndi paipi yatsopano ndi makilampu atsopano. Koma paipiyo ikhale yopangidwira oyilo, osati ya madzi a rediyeta, osatinso ya m'dimba, zimenezo zimafufuma nkusungunuka mkati zinyenyeswa zake nkukatseka kasefa kamene kali pansi pa kathanki. Kathanki komweko kayang'aneninso, pulasitiki yakale imang'aluka pa khosi pamene pamalowa paipi.

Kenako paipi ya puresha. Iyi ndi ija ili ndi zitsulo zofinyidwa ndi makina kumapeto kwake, ndipo nthawi zambiri imayamba kuchucha pomwe labala wakumana ndi chitsulo. Mukaona pamenepo pakutuluka thukuta mnzanu akangokhotetsa, yatha. Iyi simangidwa ndi lekeni ya chubu, simatidwa ndi guluu, sigwiridwa ndi kilampu ya sikuluu, ndaona zonsezi zikuyesedwa ndipo zonse zimaphulika, kawirikawiri pa malo oipa. Mugule ina, kapena muichotse mupite nayo ku Lilongwe kwa anthu amene amafinya mapaipi a mathirakitala ndi magalimoto akuluakulu, amakuikirani labala watsopano pa zitsulo zanu zomwezo. Muwauze kuti ndi ya pawa sitiyaring'i kuti asankhe paipi yopirira kutentha ndi puresha. Pamene paipi imeneyi yamangidwa ndi bawuti yoboola pakati, pamakhala mawasha awiri ofewa, mmodzi pamwamba wina pansi. Mawasha amenewa amagwira ntchito kamodzi, akafinyika afinyika, mukamasula muike atsopano.

Pa nkhani ya mawashayi ndikuuzeni zimene ndinaona. Kunabwera minibasi ina yoyenda pakati pa Ntcheu ndi Lizulu, mwini wake atatopa, anali atagula kale raki ina kwa ogulitsa zida zakale, analipira oika, analipira alayimenti, koma mafuta kumangothabe ngati kale. Tinaitsuka, tinadikira iume uku tikudya chipisi, kenako kondakitala anakwera kukakhotetsa. Sipanathe mphindi, kadontho kofiira kanatuluka pansi pa mutu wa bawuti ya pa pampu, kanatsetsereka ndi paipi pang'onopang'ono ngati nyerere mpaka kukagwera pa raki yatsopanoyo. Titamasula tinapeza washa mmodzi yekha, wophwanyika ngati ndalama yopondedwa ndi sitima, winayo kunalibe, amene anagwirapo kale anangomanga choncho. Mtengo wa mawasha awiriwo sunafike olo wa mbale ya chipisi imene tinadya ija. Mwini wake sanayankhule, anangopita kukakhala pa tayala. Raki yake yakale ija, yabwinobwino, anali atasiyira anyamata a pa galaja ina.

Pampu nayo imadontha, kawirikawiri pa seal ya kutsogolo, kuseri kwa pule imene pamadutsa lamba. Chizindikiro chake mafuta amamwazika mozungulira, mumaona mzere wa timadontho mkati mwa boneti kapena pa bodi moyang'anizana ndi lamba, ndipo lambayo amanyowa nkumalira tswiii mukakhota. Imadonthanso kumbuyo pamene zigawo zake zakumana, pali O-ring pamenepo. Ngati pampu ikadali ndi mphamvu, sitiyaring'i ikupepuka bwino mafuta akakhala odzaza, ndiye kungosintha ma seal kumakwana, amagulitsa kapaketi kake. Koma gwirani pule injini ili chozima muigwedeze, ikamasewera ndiye kuti mkati mwadyeka, seal yatsopano sikhalitsa. Ndipo amene akuikirani lamba asamukoke ngati akumanga katundu pa njinga, lamba wothina mopitirira ndi amene amapha beringi ndi seal ya pampu. Lamba amene wamwa mafuta musinthe, sachira.

Pali kapaipi kachitsulo kobwerera, kamene pa magalimoto ambiri kamapindika kutsogolo kapena pansi kuti mafuta azizire. Kamachita dzimbiri pamene kagwiridwa ndi timabulaketi, kapena kamagundidwa ndi mwala. Poti mbali imeneyi ilibe puresha yambiri, apa pokha mungadule pobookapo nkulumikiza ndi paipi ya oyilo ndi makilampu awiri mbali iliyonse, zimakhala.

Tsopano raki, imene makaniko wanu waiweruza kale. Ili ndi malo awiri odonthera. Pamwamba, pamene chitsulo chochokera ku chiwongolero chimalowera, pali seal, ndipo pambali pake pali timapaipi tachitsulo tokhala ndi timanati, izi mumaziona ndi tochi. Malo achiwiri ndi kumapeto konse kuwiri, mkati mwa mabuti a labala opindikapindika aja. Apa mumvetse bwino, buti si yosunga mafuta, ntchito yake ndi kutchinga fumbi ndi madzi basi, mkati mwake muyenera kukhala mouma, kungokhala tigirizi pang'ono. Ndiye kwezani galimoto, ikani zochirikiza zolimba, osalowa pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeki yokha kapena pa njerwa zosanjikiza, masulani kilampu yaing'ono ya buti nkuikankha pang'ono. Mukatuluka mafuta ofiira, nthawi zina amachita kukhuthuka ngati mwaboola jumbo, ndiye kuti seal ya mkati mwa raki yapita ndipo makaniko uja ananena zoona. Mukapeza mouma mbali zonse ziwiri, raki yanu ilibe mlandu, musagule.

Ikapezeka kuti ndi raki, musathamangirebe. Funso ndi lakuti seal yafa chifukwa chani. Nthawi zambiri kwathu kuno imayamba ndi buti yong'ambika imene munthu anaiona nkuinyalanyaza. Dzinja limodzi la matope, madzi ndi mchenga zimalowa, chitsulo chosalala cha mkati chija chimachita dzimbiri ndi timaenje, ndiye chikamayenda uku ndi uku chimadula seal ngati tupa. Khotetsani mpaka chitsulocho chituluke, chipukuteni, yendetsani chikhadabo. Chikakhala chosalala ngati galasi, makaniko wodziwa akhoza kumasula raki nkuika ma seal atsopano, koma akhale woti anazichitapo ndipo agwirire pa malo oyera, osati pa dothi pansi pa mtengo, mchenga umodzi wokha umabwezeretsa vuto. Chikhadabo chikamakodwa, musataye ndalama pa ma seal, pezani raki ina. Mukapita ku Biwi ku Lilongwe kapena kwina kulikonse kogula zida zakale, tengani yanuyo mukafanizire, ikhale ya galimoto ya chiwongolero cha kumanja, vundukulani mabuti onse awiri pomwepo muone ngati muli mouma ndi mosalala, ndipo mugwirizane kuti ikadontha mubweza. Wogulitsa akakana kuti muvundukule buti, pitani pa shopu ina.

Poika raki, chiwongolero chimangidwe chili chowongoka, olo ndi lamba wa pampando, chisazungulire chokha pamene chamasulidwa, chifukwa ngati galimoto ili ndi airbag muli kawaya kopyapyala kozungulira mkatimo kamene kamaduka, hutala nkusiya kulira, nyale ya airbag nkuyaka. Mukamaliza alayimenti ndi yokakamiza, mukapanda kutero matayala akutsogolo adyeka mbali imodzi musanathe mwezi.

Tibwerere kwa mnzanu wa mafuta a mabuleki. Zoona, ma seal amafufuma, ndipo kwa masiku angapo kudontha kumatha kuchepa, nchifukwa chake bodza limeneli silikufa. Koma mafuta a mabuleki ndi mtundu wina, si oyilo, labala wa mu pawa sanapangidwire amenewo. Amafufuma, kenako amafewa ngati nsima ya dzulo yonyowa, nkuyamba kunyenyeka, osati seal imodzi yodwala ija yokha koma onse, a mu pampu, a mu raki, ndi mapaipi omwe. Komanso saterera mokwanira kuti ateteze pampu. Munali ndi bowo limodzi, mudzakhala ndi asanu. Ngati munathira kale, mafuta onse atuluke lero, mutsukemo ndi ATF watsopano kawiri katatu. Mankhwala a m'mabotolo olembedwa stop leak aja ndi abwinoko, amafewetsa seal youma ndipo pa kuchucha kwapang'ono amatha kukugulirani miyezi, koma sangatseke paipi yong'ambika, washa wophwanyika kapena chitsulo cha dzimbiri. Pa mlingo wanu wa botolo pa sabata ziwiri, ine sindingawononge ndalama pamenepo.

Mafuta oyenera, werengani pa chitsekero cha kathanki. Toyota za nthawi imeneyo zimalemba ATF ya Dexron II kapena III, yofiira ija ya giyabokosi ya otomatiki. Koma si galimoto iliyonse, Honda za pawa ya mafuta zimafuna mafuta akeake, ndipo magalimoto ambiri a ku Germany amafuna obiriwira aja a CHF 11S, osasakaniza ndi ofiira. Oyilo wa injini ayi. Ogula m'mabotolo a madzi akumwa m'mbali mwa msewu, osadziwa kuti muli chani, ayinso. Ndipo musadzaze mpaka pakamwa, mafutawa akatentha amakwera nkusefukira pa chitsekero, mawa nkumati kathanki kakudontha.

Mukakonza chilichonse pa izi muyenera kuchotsa mpweya, apo ayi idzalirabe nkumaganiza kuti pampu yafa. Matayala akutsogolo ali m'mwamba, injini chozima, dzazani mpaka pa mzere, khotetsani pang'onopang'ono kumapeto mpaka kumapeto maulendo 15 kapena 20, mukuyang'ana kathanki kasaume, muona tithovu tikukwera. Kenako lizani injini masekondi ochepa, zimitsani, onjezerani, bwerezani. Mafuta akachita thovu lambiri isiyeni theka la ola likhazikike, musalimbane nayo. Ngati mafuta akale anali akuda onunkha chopserera, musawabwezeremo, komanso musawakhuthulire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, sungani mu chigubu.

Mwina mukufunsa kuti kodi ndingamayendebe ndikungothira. Kuchoka ku Bembeke kufika pa boma kwa makaniko, mafuta ali odzaza, botolo lina lili m'galimoto, inde. Koma pampu ikayenda youma olo kwa mphindi zochepa imadyeka mkati, tizitsulo take nkumwazikira mu raki, ndiye mudzagula zonse ziwiri. Mafutawa akamagwera pa ekizozi yotentha amafuka utsi ndipo amatha kuyaka, akamagwera pa olitaneta amaiwononga. Ndipo ku Khwekhwelere kuja, pa msewu wotsikira ku Golomoti, musatsikeko nayo mpaka mutakonza. Pawa ikatha matayala amakhotabe, chiwongolero sichiduka, koma chimalemera mwadzidzidzi, makamaka pa liwiro lochepa, ndipo pa makona aja muli ndi matumba a mbatatesi kumbuyo, phompho lili pambali, si malo ophunzirira kukoka chiwongolero ndi manja awiri.

Loweruka likubwerali gulani palafini, sopo ndi botolo limodzi la Dexron III, muitsuke m'mawa kuti pofika masana ikhale itauma. Mukatero mundiuze zinthu zitatu, ngati mu kathanki muli thovu ikamalira, malo oyamba kunyowa mnzanu akakhotetsa, ndi zimene mwapeza mutavundukula mabuti. Ine ndalama yanga ndaika pa paipi yonenepa ija ndi makilampu ake.